Chidulo m'Mabotolo a Mayi Dzimbiri

Ndayenda kwambiri moti matauni amene ndinakhalamo anasakanikirana m'mutu mwanga ngati nyemba za mitundumitundu m'lichero limodzi. Mukandifunsa chaka, ndikunamizani. Chimene ndimakumbukira ndi ntchito, anthu amene anandiphunzitsa ntchitozo, ndi m'mawa umene ndinachoka. Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Kuyambira pamenepo ndinkangotola nkhani za anthu osawadziwa, m'malole, m'zigayo, pansi pa mitengo ya bawo, monga ena amatolera zitsulo zakutha. Ndinkaganiza kuti munthu wodziwa nkhani zambiri sangakhale munthu woipa.

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pamudzi wina wa pa mlatho. Panali mayi wina wamasiye, Anachanza, amene ankapanga sopo wakuda wofewa ndi kumagulitsa tsiku la msika. Ndinaima pabwalo pawo ndi kuyamba kuwafunsa za mlathowo, anaumanga ndani, anagwerapo ndani.

"Alendo inu, manja amenewo ndi ofunsira nkhani basi?" anatero. "Gwirani ndowa."

Ndinagwira ndowa mvula ziwiri. Anachanza ankawotcha zitsononkho mpaka phulusa litayera, n'kulithira m'chitini chobowola pansi, n'kuthiramo madzi pang'onopang'ono. Pansi pankadontha chidulo, chomwechi amayi amaphikira therere, koma chawo chinali chaukali, choterera m'zala. Ankachiwiritsa pamodzi ndi mafuta a ng'ombe mpaka chisanduke sopo. Chotsala ankatsukira miphika.

"Palibe mafuta amene amakana chidulo," ankatero. "Koma muzitsukuluza, alendo. Chidulo chimatsalira. Maso sachiona, koma chimakhalamo."

Ndinachoka m'mawa wina osatsanzika. Ndowa ndinaisiya panjira ya kumtsinje, ili ndi madzi theka.

Kenaka kunali tauni ya njanji, kumene ndinkasonkhezera moto mayi wina wa diso limodzi wotcheza kachasu. Kumeneko ndinaphunzira kuti nthunzi ikadutsa m'paipi yozizira imabwerera kukhala madzi, ndipo zoipa zonse zimatsala mumphika. Kunali tauni ya fodya, kumene ndinkasoka ziguduli. Kunali malo ena a mphepo, kumene ndinakwatira n'kulephera. Konseko ndinachoka m'mawa.

Tsitsi litayamba kuyera m'mbali, ndinafika m'tauni ya pa phiri mmene munali koleji. Ndinamva kuti ku labotale, nyumba imene amayeseramo mankhwala, akufuna munthu wotsuka mabotolo. Mwini wa chipindacho anali Mayi Dzimbiri, dokotala wa sayansi, wamfupi, woyenda mofulumira, pensulo ili m'tsitsi. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kuloza chigalasi china chokhala ndi paipi yopindika.

"Achimwene, ichi chikuchita chiyani?"

"Apa mukutcheza, mayi. Koma kachasu wanuyu alibe fungo."

Anaseka mpaka anagwira tebulo. "Ndi madzi amenewo, madzi otcheza. Mwalembedwa ntchito."

Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ananena kawiri. Botolo lililonse litsukidwe ndi sopo wa m'sitolo ya koleji, litsukuluzidwe katatu ndi madzi a pampopi, katatu ndi madzi otcheza. Chinthu chochokera kunja chisalowe m'chipinda muno, ngakhale mchere.

Mayi Dzimbiri ankafuna kupanga mankhwala oteteza chimanga kwa anankafumbwe, otchipa, oti angapangidwe konkuno. Ankasakaniza timadzi tiwiri m'botolo lozungulira, kulitenthetsa maola anayi, n'kulisiya lizizire. Pansi pake panayenera kugwa timiyala tachikasu tonga mchere. Zaka zitatu ankangopeza phula lakuda. Phula limenelo ndilo linali ntchito yanga. Sopo wa m'sitolo ankangolisisita pamwamba. Ndinkapala ndi waya mpaka dzuwa kufika pamutu, pamene anzanga, alonda ndi madalaivala, anali atayamba kale bawo pansi pa mtengo kuseri kwa khitchini, kumene nkhani zonse za m'tauni zinkathera.

Ndiye tsiku lina ndinawotcha zitsononkho kumene ndinkagona, ndinadontheza chidulo, ndinabwera nacho m'botolo la sobo m'thumba la jekete. Phula linasungunuka ngati likuthawa. Mabotolo anawala. Ndinatsukuluza kamodzi kokha, poti madzi otcheza ankadontha mochedwa ndipo bawo inkandidikira. Mawu a Anachanza ndinawakumbukira bwinobwino, koma ndinayanika mabotolowo.

Sabata yomweyo timiyala tachikasu tinagwa.

Mayi Dzimbiri anaimika botolo pawindo. Kenaka anayesanso, tinagwanso. Anayesa kakhumi.

"Achimwene, mwabwera ndi mwayi m'manja," anatero. Ine ndinaseka nawo, poti panthawiyo sindinkadziwa kanthu.

Apa ndifotokoze za nkhokwe. Kuli nkhokwe ina yosaoneka ndi maso, ya pa kompyuta, mmene akatswiri a maiko onse amasungamo njira zopangira mankhwala: tenga chakuti chochuluka mwakuti, sakaniza ndi chakuti, tenthetsa maola akuti, upeza chakuti. Njira iliyonse ili ndi nambala yake ndi dzina la mwini wake. Wofuna kupanga mankhwala sayambira pachabe, amatsegula nkhokwe n'kutsata. Osunga nkhokweyo, anthu amene sitinawaonepo, amaikonza kangapo pa chaka. Amaonjezamo njira zatsopano, amawongola zakale, zofumbwa amachotsa. Akatero amatulutsa mndandanda wa zimene zasintha, woti aliyense angawerenge.

Njira ya Mayi Dzimbiri inalowa m'nkhokwemo. Tsiku limene mndandanda unatuluka anatiitana tonse, ndi alonda omwe, kudzaona dzina lawo pagalasi la kompyuta. Panali tiyi ndi mandasi. Anandilembera nambala ya njirayo pakapepala, 40817.

"Musunge, achimwene. Mabotolo ake munatsuka ndinu."

Patapita miyezi kunabwera bokosi la mabotolo atsopano. Mayi anali pachangu, anatsukuluza okha awiri ndi madzi otcheza n'kuyamba ntchito. Munatuluka phula. Anayesa m'botolo lakale, lotsuka ine, timiyala tinagwa. Iwo anati mwina mabotolo atsopanowo ndi a galasi lachabe. Ine ndinaima pasinki madzi akutayikira m'zala. Ndinadziwa. M'botolo lililonse lotsuka ine munkatsala kachidulo kosaoneka, ndipo kameneko ndiko kankagwetsa timiyala. M'njira imene inalembedwa m'nkhokwe munkasowa mzere umodzi, ndipo mzerewo unali m'thumba la jekete yanga.

Ndikanatha kunena tsiku lomwelo. Pakamwa panali pafupi. Koma ndinaganiza za lamulo lija limene ananena kawiri, za tiyi ndi mandasi, za alonda amene anali atayamba kunditcha katswiri. Madzulo ake ndinatsuka mabotolo atsopano onse ndi chidulo. M'mawa mwake timiyala tinagwa m'botolo lililonse, ndipo mayi anati, "Ndiye kuti linali fumbi la m'bokosi."

Makalata anayamba kubwera pakompyuta. Munthu wina wa kudziko lozizira anati watsata njira 40817 kasanu, wapeza phula. Wina wa kudziko la mpunga anatinso phula. Mayi ankawayankha moleza mtima, kenaka mopsa mtima. Kwa iwo njirayo sinalepherenso, nanga akanaganiza chiyani? Pomaliza akuluakulu a koleji anati kubwera akatswiri atatu kudzaona ndi maso awo, ndipo adzabwera ndi mabotolo awo osatsegula.

"Abwere," anatero mayi. "Achimwene, mudzavale malaya oyera. Tidzawaonetsa."

Ndinachoka m'mawa wa tsiku limene alendowo ankafika. Malaya oyera ndinawasiya pa msomali.

Zaka zotsatira sindizikumbukira mwadongosolo. Ndinaumba njerwa m'tauni ya fumbi. Ndinaweta nkhumba za mbusa wina. Koma kulikonse kumene ndinkafika kunkakhala kasitolo ka makompyuta, ka khomo lobiriwira, ndipo mwini wake ankaoneka ngati munthu mmodzimodzi, kungosintha malaya.

"Madala, mukufuna kulembera ndani?"

"Sindilembera munthu. Munditsegulire mndandanda wakutiwakuti, muone nambala iyi."

M'tauni ya fumbi mwini sitolo anawerenga Chingerezi chake n'kundimasulira, ngakhale ndinali nditamva kale. "Akuti anthu ena alephera kuibwereza njira imeneyi. Ndi ya abale anu?"

"Ayi. Ndimangotola nkhani."

M'tauni ya msika waukulu khomo linali lobiriwira lomwelo, koma mwini wake anali mayi woyamwitsa.

"Agogo, mukufuna kulembera ndani?"

"Sindilembera munthu."

"Akuti mwini wake analephera kuionetsa pamaso pa mboni. Akuti musaidalire. Iii, koma anthu ophunzirawa."

Ndinapinda kapepala kanga n'kupita kukafuna ganyu. Ndinkadziuza kuti mayi uja ndi wanzeru, atulukira yekha. Ndinkadziuza kuti nkhokwe ndi yaikulu, nambala imodzi ndani angaione. Masana ndikagona pamthunzi ndinkalota ndikutsuka botolo limene silikutha, ndikalowetsa dzanja likupitirira mpaka m'phewa.

Nkhani yanga inandipeza m'lole ya chimanga. Tinakhala pamwamba pa matumba anthu asanu, ndipo mmodzi, bambo wa chipewa chachikopa amene anati anakhalapo dalaivala ku tauni ya pa phiri, anayamba kutisangalatsa.

"Inu simunamve za mayi wophunzira amene ananamiza dziko lonse? Anati wapanga mankhwala a anankafumbwe. Kumwa tiyi, kudya mandasi! Kubwera akatswiri, mayi kusakaniza, kutenthetsa, kudikira. Phula! Kuyesanso. Phula! Masiku atatu, phula lokhalokha, loti n'kumatira msewu. Ena amati timiyala take ankachita kugula n'kuthiramo. Wantchito wake anaona zimenezo n'kuthawa, munthu wachilungamo, sanafune kudetsedwa nawo."

Anthu anaseka. Ndikuuzani zoona, inenso ndinaseka. Ndinafunsanso funso, monga ndimachitira ndikamatola nkhani: "Nanga mayiyo anathera kuti?"

"Anamuchotsa. Akuti akuphunzitsa ana ku sekondale ina ya kudambo. Anankafumbwe ake ndi amenewo."

Lole itaima ndinatsika. Tsidya la msewu kunali khomo lobiriwira. Mwini wake anali nkhalamba ngati ine, wa magalasi omanga ndi ulusi.

"Anzanga, mukufuna kulembera ndani?"

Ndinangomupatsa kapepala. Kanali katang'ambika m'mapindiro.

"Akuti njira imeneyi idzachotsedwa m'nkhokwe pa kukonza kwa mwezi wa Disembala, ndipo dzina la mwini wake lidzaikidwa pa mndandanda wa amene ntchito zawo zinabwezedwa. Pokhapokha mwiniyo atafotokoza chimene chinachitika." Anavula magalasi. "Mwatumbuluka bwanji? Ndinu mwini wake?"

"Ndine wotsuka mabotolo," ndinatero. Aka kanali koyamba kunena zimenezi kwa munthu.

Unali mwezi wotentha, mitengo ya mango itayamba kulemera. Sekondale ya kudambo ndinaifunafuna masabata atatu, poti madambo ndi ambiri ndipo lililonse lili ndi sukulu yake. Mayi Dzimbiri ndinawapeza Loweruka masana, ali okha m'chipinda cha sayansi cha mawindo osweka, akutsuka okha timabotolo m'beseni. Tsitsi linali litayera. Pensulo inali momwemo.

"Odi, mayi."

Anatembenuka, anandiyang'ana nthawi yaitali. "Achimwene a mabotolo. Muli moyo? Ndinakufunani mpaka kuchipatala ndi kupolisi. Ndinkaopa kuti mwagundidwa ndi galimoto."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ndinakhala pansi pasimenti, poti mpando sunkandiyenera, n'kunena zonse: phula, bawo, botolo la sobo, kutsukuluza kamodzi, mabotolo atsopano aja amene ndinawatsuka mobisa. Ine amene ndimadziwa kukometsa nkhani, imeneyi inatuluka youma ngati chitsononkho.

Mayi anapukuta manja pa chitenje pang'onopang'ono. Ndinkadikira kuti akuwe. Koma anachotsa pensulo m'tsitsi.

"Phulusa la chiyani?"

"La zitsononkho, mayi."

"Zokhazokha? Osati nkhuni?"

"Zokhazokha."

"Madzi ochuluka bwanji? Mumadontheza kangati?"

Ndinayankha, iwo akulemba kuseri kwa pepala la mayeso a ana. Atamaliza anaika pensulo pansi, ndipo m'pamene mawu awo anasintha.

"Ndinakayikira madzi a m'tauni ija. Ndinakayikira magetsi. Ndinakayikira sikelo, ndinaitumiza kukaunikidwa kawiri. Pomaliza ndinakayikira mutu wanga, achimwene. Mwamuna wanga, malemu, anandifunsa tsiku lina tikudya kuti, 'Mayi a ana, ingondiuzani ine ndekha, munathiramo?' Anamwalira asanamve yankho lina koma lomwe ndinampatsa, lakuti sindikudziwa. Inu munali kuti?"

"Ndinkaumba njerwa."

"Njerwa," anatero, ngati akulawa liwulo. "Dzukani pamenepo. Kuseri kwa khitchini kuli zitsononkho."

Mankhwala awiri aja amene ankasakaniza anali nawobe. Anayenda nawo zaka zonsezi m'katoni, pamodzi ndi mabuku awo. Ndinawotcha zitsononkho, ndinabowola chitini cha mkaka, chidulo chinadontha mpaka Lamulungu. Lolemba ana ataweruka, mayi anaimika mabotolo awiri patebulo. Onse anatsuka okha, katatu ndi katatu, ine osawakhudza. M'limodzi anadonthezamo madontho asanu a chidulo, akuwerenga mokweza. Tinatenthetsa maola anayi pa kambaula ka gasi. Kunja mbuzi zinkadya makoko a mango.

Atazizira, botolo loyamba linali phula. M'lachiwiri, pansi pake, munayamba kuyera chikasu, kamwala kamodzi, kenaka tambiri, ngati mvula yoyamba pa fumbi.

Mayi sanaliimike pawindo ngati kale. Anakhala pa desiki la mwana wasukulu n'kuphimba nkhope ndi manja. Ine ndinayang'ana mbuzi.

Anabwereza kasanu ndi kawiri sabata imeneyo. Anayeza mphamvu ya chidulocho, anapeza dzina la mchere umene uli m'phulusa, n'kulemba kalata yaitali kwa osunga nkhokwe. Analembamo zonse, ndi zoti iwo eni sanayang'anire katsukidwe ka mabotolo awo.

"Zimenezo chotsani, mayi. Wolakwa ndine."

"Chipinda chinali changa. Inu muli ndi gawo lanu, musandilande langa." Anapitiriza kulemba. "Akufuna kudziwa kumene nzeru ya chidulo inachokera. Ndilembe dzina lanu?"

"Ayi. Si yanga. Ndi ya Anachanza, a pa mlatho."

"Mlatho uti?"

Ndinatsegula pakamwa, koma dzina la mudziwo linali litasowa. Mlatho ndinkauona, ndowa ndinkaiona, dzina ayi.

"Munadya kwawo mvula ziwiri," anatero mayi, osakweza mutu. Analemba kuti Anachanza, wopanga sopo.

Ndinakhala pasukulupo kudikira. Ndinkasesa, ndinkatema nkhuni za kukhitchini. Mabotolo sanandilole kuwagwira. M'mawa uliwonse miyendo inkandiyabwa, msewu unkaoneka bwino kuchokera pachitsime, koma ndinkatunga madzi n'kubwera nayo ndowa mpaka pakhomo.

Mvula itagwa, chimanga chitafika m'mawondo, mndandanda unatuluka. Tinayenda limodzi kupita pa sitolo za pamsewu, mayi patsogolo ndi ambulera, ine pambuyo. Khomo linali lobiriwira.

"Madala, mukufuna kulembera ndani?"

"Ali ndi ine," anatero mayi, n'kukhala okha pa kompyuta.

Nambala 40817 inalipo. Pansi pake panalembedwa kuti njirayi yawongoledwa, akatswiri awiri a kwina aibwereza ndipo yatheka, chenjezo lachotsedwa. Pakati pa njirayo panali mzere watsopano, wa madontho a madzi a phulusa la zitsononkho. Dzina la Mayi Dzimbiri linali pamwamba pomwe linali kale. M'munsi, m'zilembo zazing'ono, munali Anachanza.

Nkhokwe ija siitaya mbiri yake. Kumbali kunali masiku awiri, lina pamwamba pa linzake: tsiku limene anaika chenjezo, ndi tsiku limene analichotsa. Ndinawerenga ndi zala. Zaka zisanu ndi ziwiri. Pakati pa masiku awiriwo sanalembepo kanthu, panali poyera pokwana chala chimodzi.

"Kodi akubwezerani ntchito ku koleji?" ndinafunsa tili panjira.

"Chipinda chija chili ndi mwini wake tsopano. Ndipo maso angawa atha." Anaima pomwe njira ya kusukulu imasiyana ndi msewu waukulu. Anaona kumene ndinkayang'ana. "Mukupita, eti?"

"Ndikupita, mayi. Ndimati nditsanzike."

"Mwaphunzirako chimodzi." Sanandipatse dzanja. Anasintha ambulera kupita kudzanja lina. "Inu otola nkhani, m'malole akunenabe kuti ndinkathiramo timiyala. Nkhokwe ija anthu a m'malole saiwerenga. Imeneyi muziinena ndinu, kulikonse kumene mukafike. Koma musakayambire kutali kuti anthu ayambe akukondani. Mukayambire pa m'mawa uja munasiya malaya pa msomali."

Ndinalonjeza. Ndaifotokoza tsopano m'matauni ambiri, m'zigayo, pa bawo, pamwamba pa matumba a chimanga. Sindichotsapo kanthu, ngakhale kuseka kwanga kwa m'lole. Koma mwaona nokha kumene ndayambira lero. Ndayambira pa mlatho.